Chigayo cha Fumbi m'Shedi ya Abambo

Makina opalira matabwa anafika kwathu chaka chimene ndinayamba Fomu 1. Abambo anawagula kwa munthu wina wa kutsidya kwa malire. Anali akale, utoto utasupuka, koma amphamvu, ndipo anabwera nawo pangolo atawafunditsa lona. Tinkakhala kumapeto kwa boma la Mchinji, kumene mapolo a magetsi amathera. Shedi ya abambo inali yotsamira khoma la nyumba yathu cha kuseri, ndipo zenera la chipinda changa linkayang'ana m'shedimo.

Makinawo asanabwere, abambo ankapala matabwa ndi pulena yapamanja. Zopalazo zinkagwa pansi zazikuluzikulu, zopotana, ine n'kumazisesa kukapatsa amayi kuti akolezere moto. Makina sankatero. Ankalavula utuchi wambiri, ndipo pamodzi ndi utuchiwo pankatuluka fumbi losalala ngati ufa woyera, lofiirira akamapala mlombwa, lotuwa akamapala paini. Fumbilo silinkafulumira kugwa. Linkayandama m'shedi, n'kulowa pazenera langa, n'kukhala payunifolomu, m'shuga, pansidze za abambo. Ndikatsegula kope m'kalasi ndinkalipeza pakati pa masamba, ndipo ndinkalipukuta mobisa kuti mnzanga wapadesiki asaone.

Abambo anayamba kutsokomola m'nyengo yozizira. Chinali chifuwa chouma, chobwera kawiri kapena katatu motsatizana, makamaka m'mamawa akamasukusula kuseri.

Zaka zimenezo kutsokomola sikunali nkhani yaing'ono. Mumzere wathu wa nyumba munali mutachitika maliro atatu, ndipo mabokosi onse atatu anakhoma ndi abambo. Anthu onsewo anayamba ndi chifuwa, kenako kuwonda, kenako kusatuluka panja. Palibe ankatchula dzina la matendawo. Ankangoti "matenda omwewa." Munthu akatsokomola m'tchalitchi, anthu sankatembenuka, koma unkaona makosi awo atauma.

"Ndi fumbi ili," ankatero abambo, palibe wawafunsa. "Mlombwa umaluma pakhosi."

"Ndiye mangani kansalu kukamwako," anatero amayi tsiku lina.

"Ndimange kansalu? Kuti aliyense wodutsa pamsewu aziti kalipentala uja wayamba kubisa chifuwa? Mayi, mukufuna tizidya matabwa?"

M'malo mwa kansalu ankamwa mkaka. Amisiri anzawo onse ankati mkaka umatsuka fumbi m'chifuwa, choncho masana aliwonse ndinkapita ndi kapu kwa aneba amene anali ndi ng'ombe. Abambo ankaumwa ataimirira, n'kudzimenya pachifuwa ngati munthu amene wamaliza ntchito yaikulu.

Koma anthu anali atamva kale. Mphunzitsi wina wamkazi atabwera kudzaona kabati yake, anaima pakhomo la shedi osalowa, ndipo anauza mwana wake kuti akamudikire kumsewu. Kumjigo, amayi ena ankasiya nkhani ndikafika. Wina anandifunsa mokoma kwambiri kuti, "Bambo ako akupeza bwanji?" Ndinayankha kuti ali bwino, n'kusenza ndowa isanadzaze.

Abambo ankapita kutsidya kukagula matabwa, nthawi zina n'kugonako masiku awiri. Za maulendo amenewo amayi sankanenapo kanthu ine ndili pafupi. Koma Loweruka lina, akuchapa, anachotsa lamba pathalauza la abambo n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Lamba uyu mwamubooleranso bowo lina."

"Chikopa chimatanuka," anatero abambo, osadzutsa mutu pathabwa limene ankayeza.

Ine ndinali mwana wosalankhula. Aphunzitsi akandiloza, mawu ankandithera pakhosi ngakhale yankho ndikulidziwa. Zimene ndinkalephera kunena ndinkazilemba m'kope lachikuto chofiira limene ndinkabisa pansi pa zovala m'katoni. Abambo ankadziwa za kopelo, ndipo ankanditchula kuti "alembi." Sanalitsegulepo. Chifuwa chitayamba, ndinayamba kuika timitanda pakona ya tsamba la tsiku lililonse, kamtanda kamodzi pa kutsokomola kulikonse kumene ndamva. Patapita masabata angapo ndinaona kuti Lolemba m'mamawa timitanda tinkachepa, popeza Lamlungu makina sankalira. Ndinakondwa kwambiri. Ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti ndi fumbi, ndipo ndinadula mzere kunsi kwake. Ndinkafuna likhale fumbi, chifukwa fumbi munthu angathe kulichotsa. Zinazo sindinkadziwa kuti angazitani.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ankagwira ntchito kuchigayo cha pafupi ndi msika. Loweruka lina amayi anandituma kukagayitsa mphale, ndipo ndinapeza mzere wautali. Ndinakhala pathumba langa n'kumayang'ana chigayo, monga ndinali nditachiyang'anira kambirimbiri osachiona. Ufa ukachoka m'nyundo zogayira, fani inkaukankhira m'paipi yokwera m'mwamba. Paipiyo inkalowa cham'mbali mwa chitini chachikulu chonga fanulo, chotakata pamwamba, chosongoka pansi. Ufa unkagwera kunsi m'dengu la mwini wake, koma mphepo inkatulukira pamwamba n'kulowa m'thumba lalitali lansalu limene linkafufuma chigayo chikalira.

Nthawi yanga itakwana ndinalimba mtima.

"Amalume, ufa umadziwa bwanji kuti upite pansi, mphepo n'kupita m'mwamba?"

Amalume anavula chipewa chawo choyera ndi ufa n'kuyang'ana amayi amene anali pamzere. "Mwamva? Mwana wa mlongo wanga walankhula lero. Mvula igwa." Anthu anaseka, ine n'kuyang'ana pansi. Koma anandikokera pafupi n'kundikuwira m'khutu chifukwa cha phokoso. "M'katimu ufa umazungulira mpaka umve chizungulire. Wolemerawo umatsetsereka n'kugwa. Wopepukawo umathawa ndi mphepo, koma nsalu ija imaugwira. Mphepo yokha ndi imene imadutsa."

Nditafika kunyumba ndinajambula zonse m'kope: fani, paipi, fanulo, thumba. Pamalo pa chigayo ndinajambula makina a abambo, ndipo pamalo pa dengu ndinajambula diramu. Masiku anayi ndinkayesa kuwauza, koma ndikafika pakhomo la shedi ndinkangopereka mkaka n'kubwerera. Tsiku lachisanu ndinang'amba tsambalo n'kulisiya pabenchi yawo, nditalipsinja ndi hamala, kenako ndinapita kusukulu.

Nditabwerako ndinawapeza atakhala pachitsa, pepala lili m'manja.

"Alembi, bwerani kuno. Ichi n'chigayo?"

"Eya."

"Mukufuna ndizigaya matabwa?"

"Ayi. Chizikoka fumbi."

Anayang'ananso pepalalo. Kenako anachotsa pensulo kukhutu n'kujambulapo kamzere. "Paipi iyi mwaipinda kwambiri. Utuchi ungatsekemo." Anatsokomola, n'kudikira kuti chithe. "Mawa mukawaitane amalume anu."

Ntchitoyo inatenga masabata atatu, chifukwa chilichonse chinali chotola. Kuseri kwa chigayo kunali fani yakale imene inathyoka tsamba limodzi, ndipo mwini chigayo anati titha kuitenga. Wowotcherera wa pamsika analumikiza tsambalo. Mota inachokera kupampu yamadzi yakufa. Fanulo anatipindira wokhoma zidebe kuchokera ku lata lophwanyidwa bwino, atayang'ana chithunzi changa mozondotsa kaye. Mapaipi anali apulasitiki, otsala pa nyumba ina imene abambo anaikako zitseko, ndipo molumikizira monse tinamanga ndi malegeni odula kuchubu cha njinga. Ntchito yanga inali kudula malegeniwo ndi lumo ndi kuwagwira pamene abambo akukoka.

Amalume ankabwera akaweruka. Iwo ndi abambo sankatha kugwira ntchito limodzi osanyozana.

"Alamu, bawuti iyi mwamanga ngati mukumanga mtolo wa fodya."

"Inu mungadziwe chiyani, munthu wongothira chimanga pabowo tsiku lonse?"

"Bowo limenelo ndi limene limakudyetsani. Gwirani apa, musiye kulankhula, mungatsamwe."

Mawu omalizawo atatuluka, onse awiri anayang'ana kumbali. Kenako amalume anapempha sipanala.

Chinatsala chinali thumba la pamwamba. Abambo anatenga thumba la feteleza, poti linali lolimba ndipo tinali nawo ambiri. Palibe anakumbukira kuti m'kati mwake muli pulasitiki. Amalume tsiku limenelo anachedwa kuchigayo, ndipo abambo sanafune kudikira. Anayatsa fani, n'kuyatsa makina, n'kulowetsa thabwa la mlombwa. Thumba linafufuma mpaka kuuma ngati mpira. Mphepo itasowa kotulukira, linaphulika, ndipo chivundikiro cha diramu chinadumpha. Fumbi lofiira linadzaza shedi yonse. Amayi anabwera akuthamanga ndi chipande m'manja, n'kutipeza tonse awiri tili ofiira mpaka m'makutu. Abambo anaseka, ine ndinaseka, ngakhale amayi anaseka atagwira pakamwa. Koma kuseka kwa abambo kunasanduka chifuwa, ndipo anatuluka panja n'kugwira khoma. Tinawadikira nthawi yaitali.

Amalume atamva anagwira mutu. "Thumba liyenera kupuma, alamu. Kodi inu mungapume m'pulasitiki?"

Tinayesa chiguduli cha mabelo a fodya. Chimenecho chinkapuma mopitirira. Utuchi unkagwera m'diramu bwinobwino, koma dzuwa likalowa pamphako za malata, unkaona fumbi losalala lija likudutsa m'chiguduli ngati utsi.

Amayi ndi amene anathetsa nkhaniyo. Analowa m'nyumba n'kutulutsa nsalu zitatu za zipani. Nthawi ya kampeni, chipani chilichonse chikabwera pabwalo amayi ankapita ndi anzawo, kuimba, kulandira nsalu, n'kubwerera osauza munthu kumene adzavotere. Nsaluzo zinali zolimba, zoluka mothithikana, ndipo sankazivala kawirikawiri poopa kukumana ndi a chipani china kumsika. Anazisoka pamakina a aneba, zonse zitatu, kukhala thumba lalitali kuposa ine.

Titayatsa, thumba linadzuka pang'onopang'ono n'kuima chilili, nkhope za atsogoleri atatu zitatupa masaya.

"Onani, mayi," anatero abambo. "Lero agwirizana. Onse akudya fumbi langa."

"Litembenuzeni msanga," anatero amalume akusuzumira kumsewu. "Madzulo mwanayu azilikuntha ndi ndodo. Mukufuna anyamata a chipani adzamupeze akumenya bwana wawo pamphumi?"

Tinalitembenuza, nkhope zinapita m'kati. Abambo analowetsa thabwa. Utuchi unalira m'paipi ngati mvula padenga, n'kukagwera m'diramu. Ndinayang'ana pamene dzuwa linkalowera. Mpweya unali woyera. Abambo anadutsitsa chala pabenchi n'kundionetsa.

"Alembi, mwaona?"

Tsiku limenelo ndinalemba masamba anayi.

Sabata yoyamba ndinkadzuka ndi chimwemwe. Shuga anayera, yunifolomu yanga inasiya kufiira pakolala. Amayi ena oweta nkhuku anayamba kubwera kudzatenga utuchi wa m'diramu, ndipo amisiri awiri anabwera kudzaona chimene ankachitcha chigayo cha fumbi. Abambo ankawafotokozera mokweza, n'kumaloza ine, ine n'kuthawira m'nyumba. Madzulo aliwonse ndinkakuntha thumba ndi kamtengo, fumbi n'kugwera m'ndowa, n'kukalikwirira kudzala.

Timitanda sitinachepe. Ndinadziuza kuti fumbi lakale likadali m'chifuwa, liyenera kutuluka kaye. Sabata yachiwiri tinali chimodzimodzi. Sabata yachitatu tinachuluka, ndipo Lolemba linafanana ndi masiku ena onse. M'mamawa amayi ankayanika nsalu yofunda ya abambo ili yonyowa ndi thukuta, ngakhale kunja kunali kusanatenthe. Ankaiyanika kuseri, osati pachingwe cha kutsogolo.

Chimene sindinachiganizire pojambula chithunzi chija n'chakuti fumbi linali kutithandiza. Likadalipo, abambo akatsokomola ankati ndi fumbi, amayi n'kunena za kansalu, ine n'kuthamangira mkaka, ndipo aliyense anali ndi chonena. Tsopano akatsokomola panalibe wolankhula. Tinkadya tili chete. Amayi ankayang'ana m'mbale, abambo ankayang'ana pakhomo. Masana ena nditabweretsa kapu, abambo anaiyang'ana n'kunena kuti, "Kapatseni amayi anu athire mu tiyi." Sananditumenso.

Ndinayamba kudana ndi thumba lija. Likafufuma ndinkatseka zenera.

Lachinayi lina nditaweruka ndinapita kukakhuthula diramu. Abambo anali atatuluka kukaperekeza kasitomala kumsewu. Nditapendeketsa diramu, pakati pa utuchi panagwa kansanza koyera kokulungidwa. Ndinakatola poganiza kuti kangatseke paipi. M'kati munali magazi, ena ouma, ena ofiira ndithu. Pansi pake panali tinsanza tina tiwiri.

Nditadzutsa mutu, abambo anali pakhomo.

"Ndinadzicheka," anatero.

Ndinayang'ana manja awo. Iwonso anawayang'ana, kenako anawaika m'matumba.

"Amayi anu ali ndi zambiri zoganiza. Mwamva, alembi?"

"Ndamva."

Ndinakwirira tinsanzato kudzala pamodzi ndi fumbi. Amayi sindinawauze. Ndinalemba m'kope, tsiku ndi chiwerengero chake, n'kulibwezera pansi pa zovala. Masiku otsatira ndinkalephera kuyang'ana amayi kumaso. Akandituma ndinkathamanga kuposa kale, ndipo anandifunsa ngati ndalakwa kanthu kusukulu.

Chimene ndinachita Lamlungu lotsatira ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Abambo ndi amayi atatsogola kutchalitchi, ndinanama kuti ndaiwala buku la nyimbo. Ndinalowa m'shedi n'kumasula malegeni a paipi ya kuseri kwa diramu, kumene munthu saona msanga. Ndinasiya mpata wolowa zala ziwiri. Sindinkaganiza kuti ndiwachiritsa. Ndinkangofuna kuti fumbi libwerere, kuti patebulo pakhalenso chonena, ndi kuti amayi a kumjigo akadutsa aone abambo ali ofiira nsidze monga kale.

Lolemba nditabwera kusukulu makina sankalira. Abambo anali atakhala pachitsa, malegeni ali pabondo. Pabenchi panali kafumbi kofiira.

"Alembi."

Ndinaima pakhomo.

"Mfundo zanga ndimazidziwa. Sizimasuka zokha."

Ndinayamba kulira, osatulutsa mawu. Sanandikalipire. Anandiuza kuti ndigwire paipi, iwo n'kukulunga malegeni, kukoka, kumanga. Pokoka ndinaona mmene mkono wawo unatsalira, mtsempha uli pamtunda. Atamaliza anapumira pabenchi.

"Chinthu ichi munachiganiza bwino. Chagwira ntchito yake. Musachiwonongenso." Anapukuta kafumbi kaja ndi chikhatho. "Mawa simupita kusukulu. Mundiperekeza kuchipatala pamodzi ndi amayi anu. Mutenge kope lanu lija."

Tinanyamuka m'mamawa wapansi. Abambo anavala jekete la kutchalitchi, limene tsopano linkawalendewera m'mapewa. Tinapumira kawiri panjira. Pamzere wa kuchipatala panali anthu ambiri otsokomola, ndipo aliyense ankayesetsa kusayang'ana mnzake. Ndinaona mayi uja wa kumjigo ali ndi mwamuna wake. Anatipatsa moni ndi mutu wokha.

Adokotala anali bambo wachinyamata wolankhula Chichewa cha kumwera. Anatilola kulowa tonse atatu.

"Chifuwachi chayamba liti, bambo?"

"Masabata awiri, atatu," anatero abambo. Ndikuganiza kuti pakamwa panangoyankha pokha, poti panali patazolowera. Kenako anapukusa mutu. "Ayi. Funsani mwanayu. Amalemba."

Adokotala anatembenukira kwa ine. Amayi nawonso. Ndinatsegula kope, koma mawu anakana monga amakanira m'kalasi. Adokotala anadikira. Sanandithandize, sanandifulumizitse.

"Chinayamba mu Juni," ndinatero.

"Kwezani mawu pang'ono, mayi," anandiuza adokotala.

"Mu Juni. Poyamba m'mamawa mokha. Mu Ogasiti anaboola lamba. Mu Seputembala tinachotsa fumbi m'shedi, koma sichinasinthe. Thukuta linayamba sabata yachitatu." Ndinafika patsamba la Lachinayi lija n'kuima. Ndinayang'ana abambo.

"Werengani zonse," anatero.

"Lachinayi lapitali ndinapeza tinsanza titatu ta magazi m'diramu ya utuchi."

Amayi sanakuwe. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana abambo, kenako ine.

"Iwenso unadziwa?"

"Ndinamuletsa ndine," anatero abambo.

"Sindikufunsa inu."

Ndinavomera ndi mutu. Amayi anakonza mpango wawo kumutu, ngakhale unali bwinobwino, n'kuyang'ana kukhoma.

Adokotala anamvetsera pachifuwa ndi pamsana pa abambo, n'kuwapatsa timabotolo toti alavuliremo makhololo. Anati zotsatira zituluka pakapita masiku, koma mmene akuonera n'chifuwa chachikulu, ndipo chimenecho chili ndi mankhwala. Anafunsa za chigayo cha fumbi chija, abambo n'kufotokoza mwachidule. Anati tisachichotse, chifukwa mapapo odwala safuna fumbi, koma fumbi si limene lawadwalitsa. Kenako anaika cholembera pansi.

"Pali kuyeza kwina, kwa magazi. Sitikakamiza munthu. Koma chifuwa chotere masiku ano nthawi zambiri sichiyenda chokha."

Abambo anayang'ana mawondo awo. Amene anayankha ndi amayi.

"Mutiyeze tonse awiri."

Ananditulutsa. Ndinakhala pabenchi ya pakhonde, kope lili pamiyendo, n'kumayang'ana anthu akudutsa ndi mabakuli a chakudya cha odwala. Masiku amenewo zotsatira za magazi sizinkatuluka tsiku lomwelo. Tinabwerera kunyumba, amayi patsogolo, abambo pakati, ine pambuyo. Masiku onse odikirawo amayi ankandilankhula zokhudza ntchito zokha: tunga madzi, sesa apo, tenga mchere.

Tsiku lokatenga zotsatira anapita awiri. Nditaweruka kusukulu ndinawapeza atakhala pakhonde la kuseri, pamphasa imodzi, zimene sindinaziwonepo kwa miyezi. Pakati pawo panali kapepala ka mapiritsi. Amayi anandiuza kuti ndikhale pansi ndisanavule yunifolomu.

"Wakula, ndipo wakhala ukusenza zinthu wekha, ndiye ndikuuza. Bambo ako ali ndi chifuwa chachikulu, ayamba mankhwala. Kachilombo atipeza nako tonse awiri."

Ananena dzina lake lenileni, Edzi, mawu amene anali asanatchulidwepo m'nyumba mwathu. Abambo anali atagwira kumaso.

"Mayi, ine ndi amene..."

"Zimenezo tikambirana awiri," anatero amayi. "Mwanayu si nkhoswe." Anatembenukira kwa ine. "Ndipo iwe, ukadzaonanso kanthu, kaya kwa iwo kaya kwa ine, uzinena ndi pakamwa. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Kavule yunifolomu."

Abambo anamwa mankhwala a chifuwa miyezi yambiri, ndipo chifuwacho chinatha. Ananenepako pang'ono, n'kubwerera m'shedi, akugwira ntchito m'mawa mokha. Anakhoma madesiki a sukulu ina ya ku Ludzi ndi zitseko zambiri. Amalume ankabwera Loweruka kudzawanyamulira matabwa olemera, akuwanyoza kuti asanduka bwana. Ena mwa makasitomala sanabwerenso. Ena anabwera, n'kumalowa mpaka m'kati.

Mankhwala otalikitsa moyo tinkangowamva pawailesi kuti ali m'mizinda ikuluikulu. Abambo anadwalanso dzinja la chaka chimene ndinali Fomu 3, ulendo uno mutu ndi malungo osatha, ndipo anamwalira chimanga chisanache. Mankhwalawo atafika kuchipatala chathu, amayi anali m'gulu la oyamba kulembetsa. Ndinawaperekeza, ndipo adokotala atafunsa kuti zilonda za m'kamwa zinayamba liti, amayi anayankha okha, molondola.